Ndabwerako ku Siavonga, za kahotela kaja

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kugona ndekha pa kahotela ka m'mphepete mwa nyanja ya Kariba, kutali ndi tauni ya Siavonga ku Zambia, komanso ngati khadi la kubanki lingandikwanire. Tsopano ndabwerera ku Mchinji.

Inu amene munati ndikangodutsa pa Mwami ndisinthiretu ndalama ku Chipata, munalasa. Kamakina ka khadi kanalipo ndithu, koma netiweki inkangobwera mwa apo ndi apo. Ndinalipira makwacha a Zambia pamanja. Magetsi nawo ankathimathima, chonsecho damu lomwe linatha kumangidwa mu 1959 kuti lizipanga magetsi lili chapafupi pomwepo. Anatipulumutsa ndi sola.

Zosambira iwalani. Nditangovula nsapato kuti ndiviike mapazi, mlonda anathamanga: “Amayi, kuno si ku Salima, muli ng'ona umu!” Anthu akumeneko ambiri ndi Atonga, koma Chinyanja tinkamvana bwinobwino. M'mawa anandionetsa mapazi a mvuu pa kapinga, pafupi penipeni ndi khomo langa.

Chomwe sindidzaiwala ndi usiku. Kukada, nyanja yonse imadzaza nyali za maboti opha kapenta, ngati mudzi woyandama, majenereta akulira chapansipansi mpaka mbandakucha. Kapentayo ndinadyera nsima masiku onse atatu. Amakoma, komabe usipa wathu sangaupose, ndisaname.

Neti ya m'chipinda inali yobooka pawiri. Mwayi ndinanyamula yanga.