Mundithandizeko pa za ndeke zankhondo, mwana wandithetsa nzeru

Abale anga, muli bwanji? Ndili ku Kapata kuno ku Chipata. Mnyamata wanga wa giredi 11 anandionetsa vidiyo ya ndeke ya ku Russia, Su-27, ikuchita zimene amazitcha Cobra. Ikuthamanga bwinobwino, kenaka nkudzutsa mphuno ngati mamba yokwiya, mimba kutsogolo, liwiro nkuchepa, nkubwereranso osagwa. Woyendetsa ndeke Viktor Pugachev anaonetsa zimenezi ku Paris mu 1989. Ine ndinati ndi zapakompyuta, mwana anandiseka.

Funso langa loyamba: ndeke ikaima chonchi mapiko sakugwira mphepo, nanga chimaibweza nchiyani? Ndi injini yokha kapena luso la woyendetsa?

Chachiwiri ndicho chikundisowetsa tulo. Ndeke ikakhota mwadzidzidzi thupi la woyendetsa limalemera mpaka kasanu ndi kanayi, magazi nkuthawira kumiyendo, munthu nkukomoka. Nchifukwa chake amavala zovala zofinya miyendo ndi mimba. Tsono uyu akufuna kulowa Zambia Air Force, koma pa Manenekela, m'basi ya ku Lusaka chabe, amasanza! Kodi zimatha ndi kuzolowera? Amene munagwirapo usilikali wa m'mlengalenga, alimbikire maphunziro ati kupatula masamu ndi sayansi?