Kujambula PCB (bodi ya zamagetsi ya njira za kopa) pa Paint, zimatheka koma?

Mnyamata wa ku Chibavi:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndikupanga kabodi ka NE555 (IC, kachipi ka miyendo 8) koti ma LED aziphethira pa chikwangwani cha shopu, pa veroboard (bodi yogula ya timabowo kale) zikugwira bwinobwino koma mawaya angoti balala ndiye ndati ndijambule ndekha njira za kopa. Vuto laputopu yanga ndi yakalekale muli Paint basi. Ndajambula ndakaprintitsa mtauni koma miyendo ya IC siyikugwera pa timadontho tanga. Chikuvuta ndi chani?

Fundi wa ku Luwinga:
Achimwene Paint amangowerenga ma pixel, za ma milimita alibe nazo ntchito, masamu muchite nokha. Miyendo ya 555 imatalikirana 2.54mm ndipo mizere iwiri ija 7.62mm, ndiye mukatenga 300 dpi (ma pixel 300 pa inchi) mwendo ndi mwendo pakhale ma pixel 30, mzere ndi mzere 90. Mukatha ikani chithunzicho mu Word mulembe nokha saizi yake, ndipo woprintayo mumuuze 100%, asadine fit to page, anyamata a pa stationery chala chimathamangira pomwepo. Jambulaninso kamzere ka 50mm mmbali mukayeze ndi rula musanalipire. Sevani PNG osati JPG, JPG imasiya utsiutsi mmphepete mwa mizere.

Mlongo wa ku Katoto:
Koma bwanji mukudzizunza chonchi abale? KiCad, pulogalamu yojambulira ma PCB, ndi yaulele ndipo miyendo ya ma IC inayezedwa kale mmenemo, mumangokoka nkuyika.

Mnyamata wa ku Chibavi:
Achemwali bandulo yake ndiitenga kuti, ndiye laputopu iyi ikangotsegula zolemera imaima njii.

Fundi wa ku Luwinga:
Ka 555 kamodzi ndi ma resistor awiri atatu Paint akwana, musawaopseze. Ikadzakhala bodi ya ma IC angapo pamenepo KiCad ndivomera. Apo ayi pulogalamu yojambulira ija ya Inkscape, grid yake mumaika 2.54mm mwachindunji.

Mdala wa ku Zolozolo:
Chimene simunamuuze mwanayu ndi printa. Ikhale laser chifukwa toner (inki yake yaufa) ndi imene imasungunuka ndi ayironi nkumatirira pa kopa, inkjet mungosita mpaka mawa osatuluka kanthu. Pepala likhale loterera lija la magazini, kopayo mukwecheni kaye ndi steel wool awale ndipo osamugwiranso ndi zala. Samalaninso za mirror, ngati munajambula mukuyang'ana mbali yokhala ma component printani momwemo poti pepala mukalivundikira pa kopa zitembenuka zokha, koma ngati munajambula ngati mukuyang'ana kunsi kwa kopako ndiye flip kaye, mukapanda kutero pin 1 ipezeka pa malo a pin 8. Ferric chloride, mankhwala odya kopa yemwe sanaphimbidwe ndi toner, ndi kuzizira kwa kuno ku Mzuzu amadya mwaulesi, muikeni m'kontena ya pulasitiki nkuikhazika m'beseni la madzi otentha muzigwedeza pang'onopang'ono. Kontena yachitsulo ayi, amaidya. Valani malaya otha kale, banga lake silichoka.

Mnyamata wa ku Chibavi:
Zikomo adala, ine ndinajambula mbali ya kunsi ndiye flip ikufunika. Nanga timabowo ndiboole ndi biti yanji, 1mm siyikula?

Mdala wa ku Zolozolo:
0.8mm ya IC ndi ma resistor, 1mm ya mawaya. Gulani ziwiriziwiri zimathyoka msanga.