Makina a fotokope a K14,000: kodi angalipire mafizi a Tamara?

Amake Tamara: Abale anga, ndithandizeni nzeru. Koleji ya Tamara yakweza mafizi, ndipo akuti aliyense amene sanalipire theka sadzalowa m'chipinda cha mayeso. Ndiye pali bambo wina ku Kamwala akugulitsa makina a fotokope ogwirapo kale ntchito, aakulu aja oima okha pansi, pa K14,000. Akuti anawatenga ku Johannesburg ndipo atchipa chifukwa katundu wa COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, salipira msonkho. Mwezi uno chilimba chikugwera ine. Ndigule kuti mwana azisindikizira anzake ma assignment ku boarding house, kapena ndisiye?

A Mwale a ku Chilenje: Mayi, mukabwerera kwa bamboyo mukamufunse kuti South Africa inalowa liti mu COMESA. Si membala. Ili mu SADC. Likulu la COMESA lili konkuno pa Ben Bella Road, kuchokera ku Kamwala mutha kukafika wapansi. Ndipo ngakhale ikanakhala membala, chimene amayang'ana ndi kumene katundu anapangidwa, osati kumene munamugula. Makina opangidwa ku China kapena ku Japan sasanduka a kuno chifukwa agona m'sitolo ya ku Johannesburg. Munthu amene wayamba ndi bodza pa msonkho, pa zam'kati mwa makinawo anena zoona?

Amake Tamara: Koma ine sindikugula msonkho a Mwale, ndikugula makina. Anandionetsa, akutulutsa mapepala bwinobwino.

Yona: Amama, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ntchito yanga ndi yokonza zimenezi. Pepala limodzi loyesera silinena kanthu. Makina aliwonse otere ali ndi kauntala yosonyeza mapepala onse amene asindikiza chipangidwireni, muuzeni akutulutsireni. Kenako asindikize mapepala 50 motsatizana inu mukuona. Mukaona mzere wakuda pa malo amodzimodzi pa pepala lililonse, drum, chogudubuza chimene chimaika tona pa pepala, yatha. Inki ikamafufutika mukapukuta ndi chala, fuser, mbali imene imatenthetsa tona, yatha. Ziwirizi ndi zimene zimadya ndalama, ndipo pa makina ena akale mudzazungulira Cairo Road yonse ndi Freedom Way osazipeza.

Chinanso ndi magetsi. Makina a laser amatenthetsa tona kuti imamatire pa pepala, choncho amakoka mphamvu zambiri, ka inverter ka m'nyumba sikangawanyamule. Mukukumbuka 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankapita maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Makina otere nthawi ngati imeneyo amangokhala tebulo loikapo maluwa.

Anaphiri: Inu mukuwaopseza mayiwa. Bizinesi yosindikiza ilipo ndithu. Pitani ku Kalingalinga kapena ku Kalundu nthawi ya mayeso muone mzere wa ana a ku UNZA. Mwana wa mchemwali wanga amadya momwemo.

A Mwale a ku Chilenje: Ali ndi shopu kapena ali m'chipinda chogona anthu anayi?

Anaphiri: Ali ndi kantemba.

A Mwale a ku Chilenje: Basi, ndi nkhani ina imeneyo. A landilodi a boarding house akaona mayunitsi akutha masiku awiri, amutulutsa Tamara ndi makina ake omwe.

Tiyanjane: Ndilankhuleko monga wophunzira, akuluakulu. Aphunzitsi ambiri tsopano amafuna assignment pa intaneti, timatumiza PDF basi. Chosindikiza kwambiri ndi past paper, ma CV, ndi lipoti la chaka chomaliza, ndipo zonsezi zimabwera nthawi imodzi, sabata zochepa mayeso asanayambe. Nthawi yomweyo Tamara akufunika kuwerenga. Komanso anzako akakudziwa salipira, amati "ndikupatsa Lachisanu". Ine ndili ndi mayina m'kabuku a anthu amene anamaliza kale sukulu.

Amake Tamara: Ndiye nditani mwana wanga? Ndalamayi ndikangoipereka ku koleji yapita, temu ya mawa ndiyambanso kulira.

A Banda aphunzitsi: Apa ndiye pagona nkhani, mayi. Tiwerengere. Rimu imodzi ndi mapepala 500. Tinene kuti pa pepala lililonse, mutachotsa mtengo wa pepala, tona ndi magetsi, mwatsala ndi 50 ngwee. Kuti K14,000 ibwerere pafunika mapepala 28,000, ndiwo marimu 56. Apo mafizi simunayambe kuwakhudza. Mayeso ali liti?

Amake Tamara: Patsala miyezi iwiri.

A Banda aphunzitsi: Sizingakwane. Lipirani theka akufunalo choyamba, ndipo musangoponya ndalama ku banki n'kukhala. Pitani ku ofesi ya accounts ndi mwanayo, mupemphe kuti zotsalazo muzilipira pang'onopang'ono, akulembereni pa pepala ndi chidindo. Za pakamwa zimaiwalika tsiku la mayeso. Mufunsenso kalata yeniyeni yokweza mafiziyo, muone ngati ikukhudza ophunzira akale kapena atsopano okha. Makolo ambiri amalipira chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp.

Ngati kosi yake ili pansi pa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kafunseni ku komiti ya chitukuko ya ward yanu za bursary ya CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha constituency. Mu 2022 thumba limeneli analikweza kufika K25.7 million pa constituency, ndipo gawo lina ndi la maphunziro a ntchito zamanja. Mafomu ali ndi nthawi yake, ndiye musadikire.

Anaphiri: A Banda, mafomu amenewo mpaka atuluke mwana watha chaka ali pakhomo. Ine ndikuti ngati mukufuna COMESA yeniyeni, mayi, kwerani basi mpaka ku Mwami, pa boda ya Zambia ndi Malawi. Pali dongosolo la amalonda ang'onoang'ono, STR, la katundu wosapitirira $2,000 wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko athu momwemuno. Chitsegulireni boda ya malo amodzi ija mu 2022, mapepala mumamalizira pamodzi. Mpunga wa Kilombero anthu a ku Kabwata amaulimbirana.

A Mwale a ku Chilenje: Ayambe aona mndandanda wa katundu wololedwa, si chilichonse chili pamenepo. Ndipo chimene amachotsa ndi duty, misonkho ina ngati VAT imatsala pa katundu amene amailipira.

Yona: Amama, ngati mtima uli pa kusindikiza, gulani kaprinta katsopano ka ink tank, monga Epson EcoTank. Kamatchipa kwambiri kuposa K14,000, kamabwera ndi waranti, kamayenda pa inverter yaing'ono, ndipo inki mumathira ya m'botolo. N'kochedwa, inde, koma kakwana pansi pa bedi.

Amake Tamara: Chabwino, Lolemba ndikaonana ndi a accounts. Koma makina aja mtima sunawasiye. Yona mwana wanga, Loweruka ungandiperekeze ku Kamwala ukaione kauntalayo?

Yona: Ndifika 9 koloko. Mubwere ndi rimu yanuyanu, asadzanene kuti mapepala atha.