Kodi za mtsogolo zingasinthe zomwe zachitika kale?

Akuluakulu odziwa sayansi, ndithandizeni, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Mu 1978 katswiri wa fizikisi John Wheeler anaganiza zoyesa kuwala motere: photon (kachidutswa kakang'ono kwambiri ka kuwala) yalowa kale m'chipangizo momwe muli njira ziwiri zoti idutse, pambuyo pake woyesa n'kusankha njira yoiyezera. Akatswiri ena atayesadi zimenezi ku France mu 2007, zotsatira zinagwirizana ndi chisankho chochedwacho, ngati kuti photon ija inadziwiratu.

Usiku wathawu ndinajambula njira ziwiri za kuwalako m'kope la mwana wanga mpaka tiyi kuzizira. Pomwe pandivuta ndi apa: mu 1983 katswiri wa za ubongo Benjamin Libet anapeza kuti ubongo umayamba kukonzekera kusuntha dzanja munthu asanazindikire kuti akufuna kutero. Kodi ziwirizi zikugwirizana? Ineyo ndikuona ngati maselo a mitsempha 86 biliyoni a mu ubongo amangochedwa kutiuza zomwe ayamba kale. Ndikulakwitsa pati?