Wotchi yaitali ya mkuwa ikungoima, okushoni ili kumapeto kwa mwezi

Kalipentala wa ku Leeds

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Banja lina kuno likugulitsa katundu wa malemu bambo awo, ndipo andipatsa zinthu ziwiri kuti ndizikonze zisanapite ku okushoni: wotchi yaitali yoimika pansi, ndi desiki ya mahogany ya madilowa anayi yokhala ndi chitseko chopendekera cholemberapo. Za desiki sindikudandaula kwambiri, matabwa ndi ntchito yanga. Wotchiyo ndiyo yandivuta. Ndikaiyendetsa imagunda mphindi zochepa kenako n'kuima.

Bokosi lake ndi la oak, m'mphepete mwa chitseko anazunguliza kamzere ka mahogany, ndipo pamwamba pa chipewa, kabokosi kovundikira makina, pali nyanga ziwiri zopindika. Nkhope, pamene pali manambala ndi mivi, ndi ya mkuwa, ya makona anayi, yolembedwa dzina la wopanga wa m'tauni ina ya ku Lancashire. Pali mabowo awiri a kiyi wokokera wotchi ndi zolemera ziwiri zoyendetsa makina. Mwana wamkulu wa malemu akuti ndi ya m'ma 1720, ndipo akufuna ndiipale, ndiipake vanishi, mkuwawo uwale. Mtima wanga sukuvomera kuipala. Ndiyambire pati?

Wokonza mawotchi ku Birmingham

Achimwene, sandipepa muyiike kaye kutali. Tiyambe ndi kuimako, chifukwa kawirikawiri si vuto lalikulu. Yendetsani pendulum, ndodo yolendewera ija ya mbale kumunsi, tsekani chitseko, mumvetsere. Kugunda kwake kuyenera kufanana mbali zonse: ti, ta, ti, ta. Ngati mukumva tita, tita, ndiye kuti ikutsimphina, ndipo wotchi yotsimphina siyenda nthawi yaitali. Pendekezani bokosi pang'onopang'ono kumbali imodzi mpaka kugundako kufanane. Mukadziwa mbali imene mwakweza, bwezerani bokosi pamalo pake, ndiye kumbuyo kwa makina mupeze kachitsulo kogwira ndodo ya pendulum, kotchedwa crutch. Kagwireni kumwamba ndi dzanja limodzi, ndi linalo mukapindire pang'ono kumbali munakweza ija. Pang'ono zedi, chifukwa mukakakamiza mupinda mano a gudumu la escapement, limene limatulutsa kugundako.

Onaninso kuti yaima pati. Pa kapeti bokosi limagwedezeka ndipo limaba mphamvu ya pendulum. Mawotchi amenewa amafuna kumangidwa kukhoma ndi sikuluwu kudzera pa thabwa lakumbuyo. Musapopere mafuta a m'chitini a WD-40 m'makinamo. Amasungunula oyilo wakale n'kusakaniza ndi fumbi, ndipo phala limenelo limadya mkuwa.

Mukatero munditumizire zithunzi zitatu: mkombero wa manambala mwapafupi, kumbuyo kwa nkhope mutachotsa chipewa, ndi thabwa limene makina akhalapo. Pali chimene ndikufuna kuona.

Mayi wolemba katalogi ku Edinburgh

Bambo, ine za makina ndisiyira anzathu a ku Birmingham, koma chaka cha 1720 ndikuchikana pongomva mmene mwalifotokozera bokosilo. Nthawi imeneyo wotchi yapamwamba inkavala walnut, yakumudzi inkakhala ya oak yosakongoletsa. Mahogany inayamba kulowa yambiri ku Britain pambuyo pa lamulo la 1721 limene linachotsa msonkho pa matabwa ochokera ku maiko a atsamunda monga Jamaica, ndipo panapita zaka zambiri kuti akalipentala a kumpoto kwa England ayambe kuidula timizere tokongoletsera oak. Oak ya mizere ya mahogany ndi nyanga zopindika pamwamba, ine ndimaiika pakati pa 1770 ndi 1800. Choncho kaya nkhopeyo ndi yakale motani, bokosilo si la 1720.

Kalipentala wa ku Leeds

Zikomo nonse. Inalidi pa kapeti, ndipo inkatsimphinadi. Ndaisamutsira pa simenti ku shedi, ndaimanga kukhoma, ndapinda crutch monga mwanenera. Ikuyenda tsopano. Zithunzi ndatumiza.

Koma nditachotsa chipewa ndaona zinthu zimene ngakhale ine wa matabwa zandikayikitsa. Thabwa lokhalapo makina ndi la paini watsopano, lodulidwa ndi sowo ya makina, mizere yake yokhota ikuoneka bwinobwino. Matabwa awiri a m'mbali amene thabwalo lakhalapo anawaonjezera timidadada tomata ndi guluu woyera kuti makina akwere. Nkhope ndi ya mainchesi 11, pamene zenera la chipewa ndi la mainchesi 12, ndipo wina anaikamo timatabwa topyapyala kutseka mpatawo.

Wokonza mawotchi ku Birmingham

Ndaziona zithunzi, ndipo nzimene ndimaganiza. Yang'anani mkombero wa manambalawo. Pakati pa XII ndi I, m'mphepete mwamkati, werengani timizere. Mupeza magawo anayi, osati asanu. Kunja kwa manambala kulibe mizere ya mphindi ngakhale pang'ono. Nkhope imeneyi inapangidwira wotchi ya muvi umodzi, wa maola wokha, ndipo timizere tinayito ndi ta kota iliyonse ya ola. Muvi wachiwiri umene ulipo panowo ulibe choloza.

Mawotchi ambiri a muvi umodzi anali a maola 30. Ankakokedwa tsiku lililonse ndi chingwe kapena tcheni chozungulira chopanda mapeto, njira imene Christiaan Huygens anayambitsa, yemwe uja anapanga wotchi yoyamba ya pendulum mu 1656. Cholemera chimakhala chimodzi, kiyi palibe, ndiye nkhope yake sifunika mabowo. Mabowo awiri a pa nkhope yanuyo anaboola pambuyo pake. Taonani lakumanja ladula pakati duwa lozokotedwa. Mmisiri amene anatha masiku akuzokota duwalo sakanaliboola yekha.

Kumbuyo kukunenanso zomwezo. Chitsulo chakutsogolo cha makina chili ndi mabowo opanda ntchito pamene panalowa miyendo ya nkhope ina. Kamtengo ka gudumu la escapement, kamene kamayenera kutulukira kutsogolo kunyamula kamuvi ka masekondi, anakadula chifukwa nkhope iyi ilibe malo ake. Makinawo ndi a masiku 8, ndipo maonekedwe ake ndi a mtundu umene unkayenda ndi nkhope zoyera zopentedwa. Nkhope zimenezo zinayambira konkuno ku Birmingham, pamene Osborne ndi Wilson analengeza malonda awo mu 1772, ndipo m'zaka zotsatira zinalanda msika wa nkhope za mkuwa.

Ndiye muli ndi zinthu zitatu zosiyana: nkhope ya cha m'ma 1730 kapena 1740, makina a zaka makumi angapo pambuyo pake, ndi bokosi limene mayi a ku Edinburgh aliika kale nthawi yake. Amalonda akale ankachita zimenezi kwambiri, chifukwa ogula ankafuna nkhope ya mkuwa ndi wotchi yokoka kamodzi pa sabata, ndiye ankaphwasula mawotchi awiri kapena atatu kuti apange imodzi yogulitsika. Kuti mutsimikize za bokosi, walitsani tochi m'kati pa thabwa lakumbuyo. Pendulum ikamakhula thabwa kwa zaka zambiri imasiya chipsera chokhota. Yerekezani chipseracho ndi pamene mbale ya pendulum ikudutsa lero.

Kalipentala wa ku Leeds

Chipsera chilipo, koma chili pansi pa mbaleyo ndi zala zinayi. Chinanso, pansi pa bokosi m'kati pali malo amodzi okha ofooka pakati, ngati pamene cholemera chimodzi chinkagwera.

Wokonza mawotchi ku Birmingham

Basi, bokosilo linali ndi makina ena. Mwina linalinso la maola 30.

Wogula ndi kugulitsa ku Luton

Ine ndiyankhule ngati wamalonda. Achimwene, inu anakulembani ntchito yokonza, osati yofufuza mbiri. Wotchi ikuyenda, ipukuteni, mulandire zanu. A ku okushoni ali ndi akatswiri awo, akaona aone, akapanda kuona ndi mwayi wa banjalo. Kapena ngati zikukuvutani, timidadada toyerato mutidetse ndi utoto kuti tisamaonekere. Mukauza mwiniwake kuti chuma cha bambo ake ndi chophatikiza, adzakwiyira inu.

Mayi wolemba katalogi ku Edinburgh

Pepani bambo a ku Luton, apa sindigwirizana nanu. Kudetsa timidadada kuti tisaoneke ndi kubisa, ndipo dzanja lobisalo likhala la anzathu a ku Leeds. Amene tinakulira pa fodya tikudziwa chimachitika ku okushoni ya ku Kanengo belo likapezeka kuti m'kati munabisidwa masamba ena: limabwezedwa, ndipo nambala ya mlimiyo ogula amaikumbukira. Kunonso ogula mawotchi ambiri ndi amalonda odziwa. Asanaike mtengo amapempha lipoti la mmene katundu alili, amafuna zithunzi za kumbuyo kwa nkhope, ena amabwera okha n'kuchotsa chipewa. Zimene taona pa zithunzi zitatuzi iwo aziona mofulumira kuposa ife.

Wotchi yophatikiza imagulitsidwa tsiku ndi tsiku, palibe choletsa, bola zilembedwe. M'katalogi timalemba kuti dial, movement and case associated, kutanthauza kuti nkhope, makina ndi bokosi sizinapangidwire pamodzi, ndipo wogula amadziwa chimene akugula.

Banjalo muliuze zoona za mtengo, chifukwa pamenepa ndi pamene anthu amapwetekedwa mtima. Amamva kuti wotchi ya Thomas Tompion kapena ya George Graham yagulidwa ndalama zankhaninkhani ku London, n'kumaganiza kuti yawo ili m'gulu lomwelo. Amenewo anali amisiri a mafumu, ndipo Tompion ankaika ngakhale nambala pa mawotchi ake. Mawotchi a oak a m'matauni ang'onoang'ono mtengo wake watsika kwambiri poyerekeza ndi m'ma 1990, pamodzi ndi mipando yonse yakale ya matabwa oderawa. Nyumba za masiku ano ndi zazing'ono, denga ndi lalifupi, achinyamata sakuzifuna. Yophatikiza ngati iyi ndingaiyerekeze mapaundi mazana ochepa. Pamenepo wogula amaonjezera cha m'ma 25 pa 100 kwa a okushoni, n'kuonjezanso msonkho wa VAT pa gawo limenelo, choncho amakweza dzanja akuwerengera zimenezo, ndipo wogulitsa nayenso amadulidwa komishoni. Kutumiza makinawo kuti akaphwasulidwe ndi kutsukidwa kungadye ndalama yoposa imene wotchiyo ibweretse. Poti ikuyenda, isiyeni choncho.

Mkulu wokonza mipando ku Cape Town

Mwana wanga wa ku Leeds, ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna ndinene za khungu la matabwawo, chifukwa ndi limene lili m'manja mwako. Mtundu wa oak yazaka zoposa 200 unapangidwa ndi utsi, dzuwa, phula ndi manja a anthu. Ukapala kamodzi subweranso. Kuno timakonza makabati a stinkwood ndi yellowwood, ndipo lopalidwa n'kupakidwa vanishi ya polyurethane ogula amalidutsa osaima. Tenga nsalu yofewa, chotsa fumbi, pamene pali litsiro lomata upukute ndi nsalu yonyowa pang'ono n'kuumitsa nthawi yomweyo. Kenako phula la njuchi, lochepa, ulisiye liume, upukute. Kamzere ka mahogany ngati kamatuka, umate ndi guluu wa zikopa wotenthetsa, amene amasungunuka ndi madzi ofunda mmisiri wina akadzafuna kukonzanso. Guluu woyera wa PVA ayi.

Mkuwa wa pankhope usaukhudze ndi polishi wa zitsulo wa Brasso. Mkombero wa manambala unkapakidwa siliva wopyapyala kwambiri, ndipo manambala akudawo ndi phula lothiridwa m'mizere yozokota. Ukakwecha uchotsa zonse ziwiri.

Ona ngati matabwa afumbwa, makamaka kumiyendo ndi thabwa lakumbuyo. Mabowo akale amakhala akuda m'kati. Yala pepala pansi, ugogode pang'ono. Pakagwa ufa woyera, tizilombo tidakalimo, ndipo uthire mankhwala a permethrin katunduyo asanakalowe m'nyumba ya okushoni.

Desikiyo usaiiwale. Wati ndi ya mahogany ya madilowa anayi. Pa mabowo a kiyi pali chiyani?

Kalipentala wa ku Leeds

Zikomo bambo, ndamva. Ufa sunagwe. Pa mabowo a kiyi a desiki pali tinthu toyera tooneka ngati chishango, tolowetsedwa m'thabwa, ndipo m'kati muli tizigwiriro toyera pa timadilowa tating'ono.

Mayi wolemba katalogi ku Edinburgh

Imani pamenepo bambo, ichi ndi chachikulu kuposa wotchi. Tengani galasi lokuza muone tinthuto. Fupa limakhala ndi timadontho kapena timizere takuda tating'onoting'ono. Mnyanga wa njovu ndi wosalala, ndipo pamene unadulidwa mopingasa pamaoneka mizere yodutsana mopanga timadayamondi. Ngati ndi mnyanga, lamulo la Ivory Act la 2018, limene linayamba kugwira ntchito pa 6 June 2022, likuletsa kugulitsa desikiyo isanalembetsedwe. Imaloledwa ngati inapangidwa chisanafike chaka cha 1947, mnyangawo uli wosakwana 10 pa 100 ya chinthu chonse, komanso uli mbali ya chinthucho. Desiki yanu ikuoneka kuti ikukwanira zonsezi. Kulembetsa kumachitika pa intaneti, ndi £20, ndipo amafuna zithunzi. Nambala imene mupatsidwe a okushoni amailemba m'katalogi. Chilango cha wophwanya lamuloli chimafika pa £250,000 kapena zaka zisanu kundende. Musazule tinthuto kuti muthawe £20, muononga desiki.

Wogula ndi kugulitsa ku Luton

Za mnyangazo mayi akunena zoona, palibe okushoni ingalandire popanda nambala. Za wotchi ndaona kuti ndili ndekha. Chabwino, koma muwauze a banjalo asaike reserve, mtengo wotsikitsitsa umene angavomere, yokwera, ingabwerere kunyumba n'kulipiritsidwa.

Kalipentala wa ku Leeds

Ndaona ndi galasi. Tizigwiriro ta m'kati ndi fupa, timadontho tikuoneka. Tizishango ta pa kiyi ndi mnyanga. Ndakhala pansi ndi a banjalo, ndawaonetsa magawo anayi a pamkombero, duwa loboledwa ndi chipsera cha kumbuyo. Mwana wamkulu poyamba anakhumudwa, koma mlongo wake wakumbukira kuti bambo awo anaigula kwa wamalonda, sinali ya makolo. Avomera kuti ndisapale. Desiki ailembetsa iwowo monga eni ake, ine ndajambula zithunzi. Zonse mwandiuzazi ndazilemba papepala loti lipite ndi wotchi ku okushoni.

Funso lotsala ndi kanyamulidwe. Vani ikubwera Lachinayi.

Wokonza mawotchi ku Birmingham

Isanyamulidwe yathunthu. Ilekeni iyende mpaka zolemera zitsike pafupi ndi pansi pa chitseko. Chotsani chipewa pochikokera kutsogolo, ndipo wina agwire nkhope, chifukwa nthawi zambiri ndi zolemerazo zimene zimagwiriza makina pamalo pake. Kolowolani zolemera chimodzichimodzi, mulembe chakumanzere ndi chakumanja. Chilichonse chimalemera cha m'ma kilogalamu 5 kapena 6. Pendulum muikweze pang'ono n'kuitulutsa mu crutch mosamala, kasipuling'i kopyapyala ka pamwamba pake kasapindike, ndipo muimangirire pa thabwa lalitali. Makina, nkhope ndi thabwa lake zituluke pamodzi, zilowe m'katoni choimirira, zingwe zitakulungidwa. Bokosi ligone chagada pa mabulangete, chitseko chitamangidwa ndi nsalu, osati tepi. Kiyi wokokera ndi kiyi wa chitseko muziike mu envulopu, muimangirire ku pendulum.