Thandizeni nzeru: tingakulitse bwanji msika wa mbatatesi yathu?

Akuluakulu nonse a kuno ku Harare, ndabwera kudzapempha nzeru. Alimi anzanga a mbatatesi, ambiri mwa ife ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, andisankha kukhala wapampando wa kagulu kathu. Ndinavomera mwamanyazi, koma tsopano tulo sindikupeza.

Kulima timatha, mbewu yabwino timagula ya ku Nyanga. Chotipweteka ndi msika. Tonse timakumba nthawi imodzi, n'kukaunjikana ku Mbare Musika m'bandakucha. Ulendo wathawu ndinakhalira thumba langa mpaka dzuwa pamutu, mavenda akungodutsa, kudikira kuti nditope. Ndinatopadi, ndinagulitsa motaya. Yotsala inayamba kubiriwira.

Ndamva kuti bungwe la Potatoes USA limatolera kandalama pa mbatatesi yomwe alimi agulitsa, n'kumatsatsira malonda mpaka kumayiko akunja. Ife za kutsidya la nyanja sitikulota, koma kodi kusonkha kangachepe pa thumba lililonse kungatheke osayambana? Asungichuma mumawasankha bwanji? Nkhani ya ndalama ija mukuidziwa, imadanitsa ndi pachibale pomwe.

Chachiwiri, alipo amene anatumizako mbatatesi ku Tete kudzera pa Nyamapanda? Kalata yotsimikiza kuti mbewu ilibe matenda munakaitenga ku ofesi iti, ndipo inatenga masiku angati?

Ndikuganizanso kuti pa 30 May, tsiku lomwe United Nations inapatula lokumbukira mbatatesi, tidzaitane okazinga tchipisi ndi eni malesitilanti adzalawe mitundu yathu. Amene munachitapo zotere, kodi ogula anabwereranso, kapena anangodya n'kupukuta pakamwa?