Skripiti ya Rooney yabwezedwa kachiwiri ndipo ikuuluka mawa, thandizeni

Wamaiki: Anzanga ndatopa. Ndili ndi fitcha ya maminitsi 5 ya Wayne Rooney, kusewera kwake ndi ukochi, editala wabweza kawiri. Ndavoisa yafika maminitsi 8, mbali yosewera yokha yadya 6. Chachiwiri ndalemba kuti anachotsedwa ntchito kumatimu onse anayi, iye akuti sizoona ndikonze koma sakunena pati. Studiyo ndaibuka 7 koloko mmawa.

Nachisale: Editala wanu akunena zoona achimwene. Kochotsedwa ndi ku Birmingham kokha, January 2024, atawina magemu 2 pa 15. Ku Derby anatula yekha pansi udindo mu June 2022. DC United ndi Plymouth makalabu analengeza kuti agwirizana zosiyana. Lembani choncho basi.

Mdala wa Deski: Kugwirizana kwa chani inu? Plymouth inali kumchira kwa Championship, ligi yachiwiri ya ku England, pa 31 December 2024, munthu angagwirizane zotaya ntchito yake? Anachotsedwa ameneyo, womvera wa kumudzi muuzeni chilungamo.

Nachisale: Mdala zimenezo ndi ndemanga, mukanene pa pulogalamu yamafoni. Mu fitcha timanena zomwe kalabu inalengeza kenako nkuika pomwe timu inali pa tebulo, womvera aweruza yekha.

Jombo: Pa kutalikapo, dulani zikho, aliyense akudziwa kuti ku Manchester United anawina ligi kasanu ndi Champions League ya 2008, chiganizo chimodzi chakwana. Sungani chigoli chomwe anagoletsa Arsenal mu October 2002 ali ndi zaka 16 ku Everton, hatitiriki ya Fenerbahce tsiku lake loyamba ku United mu 2004, ndi zigoli 253 zomwe anapitirira nazo Bobby Charlton. Nthawi yotsalayo ipite ku Derby chifukwa nkhani yeniyeni ili pamenepo, timu inalandidwa mapointi 21, 12 a administration (kalabu kuikidwa m'manja mwa oyang'anira chifukwa cha ngongole) ndi 9 a kuphwanya malamulo a zachuma, kugula osewera kunali koletsedwa, iye nkumalimbana ndi tianyamata ta ku akademi mpaka April pomwe anatsika. Mukangoti anatsitsa Derby osatchula 21 ija mwamulakwira.

Che Ajusa: Chenjerani ndi za England. Magemu 120 zigoli 53, koma rekodi ya zigoli si yakenso, Harry Kane anaiphwanya March 2023 pa gemu ya Italy. Ine ndinawerengapo skripiti yakale pa mpweya sabata yomweyo Kane atagoletsa, ndinaitenga mu foda osaiona kaye, mafoni anaitana mpaka pulogalamu kutha ndipo bwana anandichotsa pa shifiti ya Loweruka mwezi wathunthu, alawansi yonse kupita. Mpaka pano nambala iliyonse ndimaiona malo awiri ndisanalowe mu studiyo.

Mdala wa Deski: Ndikubwerezanso, mawu oti kugwirizana ndi a maloya. Ine ndakhala pa deski zaka zambiri, kochi sachoka timu ikuluza pokhapokha amukankha.

Jombo: Nanga ku Derby anamukankha ndani mdala? Anapempha yekha.

Mdala wa Deski: Derby ndavomera. Plymouth ayi.

Nachisale: China, musaike klipu ya komentare ya Sky kapena SuperSport pansi pa voisi ngati pulogalamu yanu imapitanso pa Facebook. Ife anatitsekera mawu pakati pa laivu chifukwa cha masekondi ochepa a chigoli cha bayisikolo chija anagoletsa Manchester City mu 2011, wotsatsa malonda anakana kulipira sabata imeneyo. Fotokozani ndi pakamwa, bedi (nyimbo ya pansi pa voisi) ikhale ya mu laibulale yanu.

Che Ajusa: Komanso osafulumizitsa voisi mu Audition, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, kuti ikwane, pa FM zimamveka ngati mwameza mpweya. Dulani mawu papepala muvoisenso. Ndipo Derby ndi Dabi osati Debi, ndamva anthu akuphonya.

Wamaiki: Zikomo. Nanga Birmingham ndiike zoti anapeza timu ili pa nambala 6 nkuisiya pa 20? Ndikuopa zikhala ngati ndikumunyoza.

Jombo: Ikani, zinachitika. John Eustace anachotsedwa timu ili pa 6 kuti abwere Rooney, ndiye masapota anamulandira ndi mkwiyo kuyambira tsiku loyamba. Kwa ine vuto linali eni timu kufuna dzina lalikulu.

Che Ajusa: Dzina lalikulu silimaphunzitsa mpira. Onani Gerrard, anawina ligi ndi Rangers 2021 osagonja gemu ndi imodzi yomwe koma ku Aston Villa sanathe chaka.

Jombo: Lampard nayenso anayambira ku Derby komweko 2018 nkufika fainolo ya ma playoff, anthu amaiwala.

Mdala wa Deski: Gerrard uja ku Villa manyuzipepala analemba poyera kuti wachotsedwa, bwanji Plymouth tikuopa? Wamaiki lembani anachotsedwa, editala akafunsa mumuuze andiimbire.

Nachisale: Mdala dzina lomwe lidzamveke pa wailesi si lanu. Wamaiki mwadula zingati pofika pano?